Nsapato Yokwerera Phiri la Mulanje: Ganizirani Zotsika

Za chikwama, madzi ndi juzi aliyense amazidziwa. Chimene chimabweza anthu panjira ya ku Sapitwa ndi mapazi.

Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo mukachoka pa kanyumba ka Chisepo mumayenda pathanthwe, pena mpaka kukwawa. Chiperoni chikangowaza, thanthwelo limaterera koopsa. Choncho musanafunse mtengo, tembenuzani nsapato muone kunsi. Pakufunika labala logwira, la mano akuya. Ngati mano adadyeka, isiyeni, ngakhale ikhale ya dzina lotchuka. Ya pa kaunjika ipindeni mwamphamvu, chifukwa zambiri guluu wake adauma kalekale ndipo zimakayasama muli kutali ndi wosoka. Yabwinoko imakhala yokwererako mtengo. Onjezani kangachepe wosoka aisokeretu kuzungulira.

Pamene ambiri amagwa ndi pa saizi. Munthu amavala nsapato pamsika, n'kuponda kawiri pamalo osalala, basi walipira. Komatu nsapato siluma pokwera, imaluma potsika. Pochoka ku Chambe kutsikira ku Likhubula, phazi limaserereka kutsogolo paliponse mwaponda, zala n'kumagunda kumaso kwa nsapato kwa maola angapo. Ndaona anthu akutsika chammbali, ena chafutambuyo, misozi ili m'maso. Pofika pansi chikhadabo cha chala chachikulu chada bii, pakapita masabata chimathothoka.

Ndiye yesani chonchi. Pitani madzulo, mapazi atatupako ndi kuyenda kwa tsiku lonse. Tengani masokosi okhuthala omwe mukavale kuphiriko, osati opyapyala a ku ofesi. Valani zonse ziwiri, mumange zingwe mpaka pamwamba. Pakati pa chala chachitali ndi kumaso kwa nsapato patsale mpata wokwana chala chachikulu cha kudzanja. Kenako pezani potsetsereka, ngakhale m'mbali mwa ngalande, mutsikepo kangapo. Zala zikagunda, yachepa. Chidendene chikamatukuka m'kati, yakula, ndipo ikakutulutsani matuza. Wogulitsa akati "ikula yokha ikazolowera phazi", musamvere. Chikopa chimatha kutambasukako m'mbali, koma nsapato sitalika. Ndibwerezenso: zala zikagunda, yachepa, ivuleni.

Mukagula musaisunge m'chikwama kudikira tsiku la ulendo. Ivaleni masabata awiri kapena atatu, mupite nayo kumsika ndi kutchalitchi komwe. Pamene pakukhula mupadziwiretu muli kunyumba. Wengani zikhadabo kutatsala tsiku limodzi, ndipo tengani pulasitala mumate pamalo pakangoyamba kutentha, thuza lisanatuluke.

Ena amati, "Onyamula katundu aja amakwera ndi patapata." Zoona, ena amatero, koma iwo akhala akuponda njira imeneyo zaka ndi zaka, mapazi awo adalimba. Inu patapata tengani yovala madzulo mukafika pa kanyumba, pamene nsapato ndi masokosi zikuuma chapatali ndi moto.