Kusiyanitsa Mnadzi ndi Chomera Chapoizoni cha Datura

Mvula yoyamba ikagwa, amayi ambiri amathyola ndiwo zomera zokha monga bonongwe, luni, chisoso ndi mnadzi, chifukwa ndizo zimathandiza banja pamene nkhwani ndi khwanya zisanakule. Zambiri mwa ndiwozi sizivuta ngakhale munthu atazisokoneza. Bonongwe waminga amadziwika ndi minga iwiri yomera patsinde la tsamba, ndipo nayenso amadyedwa akali wanthete. Nthula sanamiza munthu, poti masamba ake ndi aubweya ndipo zipatso zake zikapsa ndi zachikasu. Pamene alangizi tiyenera kuikapo mtima ndi pa mnadzi ndi chomera chimene akatswiri amachitcha Datura stramonium.

Ziwirizi ndi za banja limodzi ndi matimati, fodya ndi mbatatesi. Zimakondanso malo amodzi: pakhola lakale, padzala ndi m'munda wothira manyowa ambiri. Choncho zimamera mosakanikirana, ndipo wothyola mofulumira, makamaka mwana amene watumidwa, angathe kuziponya m'lichero limodzi.

Zikakula n'zosavuta kuzisiyanitsa. Mnadzi uli ndi timaluwa ting'onoting'ono toyera, tapakati pachikasu, tomera m'timagulu, ndipo zipatso zake ndi tobulungira tosalala tomwe timada kapena kufiirira tikapsa. Datura amatulutsa duwa limodzilimodzi pamphanda ya nthambi, lalitali ngati lipenga, masentimita 6 mpaka 10, loyera kapena lofiirira pang'ono. Chipatso chake n'chaminga, chimakula ngati dzira laling'ono, ndipo chikauma chimang'ambika panayi n'kutaya njere zakuda.

Vuto ndi lakuti ndiwo zimathyoledwa maluwa asanaoneke. Masamba akuluakulu a Datura amakhala ndi manomano akuya m'mbali, koma oyambirira alibe, ndipo amafanana kwambiri ndi a mnadzi. Apa pali zizindikiro ziwiri zodalirika. Timasamba tiwiri totuluka m'njere timakhala tatitali ndi towonda pa Datura, pamene pa mnadzi ndi tatifupi. Chachiwiri ndi fungo: tsamba la Datura mukalifikisa limanunkha moipa, n'chifukwa chake ku South Africa amalitcha stinkblaar, kutanthauza tsamba lonunkha. Mukatero sambani m'manja musanagwire m'maso kapena chakudya. Kunena zoona, fungoli limaphunzitsa alimi msanga kuposa chithunzi chilichonse cha m'kabuku, choncho phunziroli lichitikire m'munda momwemo.

Alimi ena amakhulupirira kuti kufutsa kapena kutaya madzi oyamba kumachotsa choipa chilichonse m'ndiwo. Ndi zoona kuti kutero kumachepetsa kuwawa kwa mnadzi, koma poizoni wa Datura, yemwe ndi atropine ndi scopolamine, satha ndi moto ngakhalenso dzuwa. Mfutso ndiye woopsa koposa, pakuti masamba akauma n'kufwafwanyika palibe angawazindikire. Kusankha kuchitike masamba akali aawisi. Ngoziyi si ya kumudzi kokha: mu December 2022 anthu oposa 100 anadwala ku Australia atadya sipinachi wogula m'masitolo amene anakololedwa pamodzi ndi masamba a chomerachi.

Wodya Datura amauma kukamwa, khungu limatentha koma osatuluka thukuta, mboni za m'maso zimakula, mtima umagunda mofulumira, ndipo amabwebweta kapena kuona zinthu zomwe palibe. Pamudzi zoterezi zimaganiziridwa kuti ndi malungo aakulu kapena matsenga, ndipo nthawi imatayika. Ngati anthu angapo odyera mbale imodzi ayamba kutero, athamangitsireni kuchipatala, mutengenso ndiwo zotsala kuti adokotala aone.

Limbikitsani alimi kuzula Datura asanabereke ndi kusatenga manyowa pamene chomerachi chinagwetsa njere, chifukwa njerezo zimakhala zamoyo m'nthaka zaka zambiri. Amene amakonda mnadzi asunge mbeu yochokera ku zipatso zakupsa n'kufesa m'mizere kudimba, kuti chilichonse chomera kunja kwa mzere chizizulidwa. Ana auzidwenso kuti asadye zipatso zosapsa za mnadzi, poti zili ndi solanine wopweteka m'mimba.