Phunziro la Zaumoyo: M'mimba Mopotokola Munthu Akangodya

M'mabanja ndi m'malimana muli anthu amene amaopa chakudya cha pagulu. Akangodya nsima, m'mimba mumayamba kupotokola, posakhalitsa akufunsa komwe kuli chimbudzi. Ena akapatsidwa madzi osamba m'manja amangoti adya kale. Eni nyumba amati mlendoyo ndi wonyada, mwiniwake n'kumaganiza kuti alipo amene anamudyetsa mankhwala. Kawirikawiri nkhani yonse imakhala ya matumbo aakulu basi.

Matumbo aakulu ndi chigawo chomaliza cha njira ya chakudya, ndipo ndi otalika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Ali ndi minofu yomwe imafinya n'kumasuka, kukankha zotsalira kuti zituluke. Chakudya chikadzaza chifu, mitsempha imatumiza uthenga kumunsi kuti kukonzedwe malo, ndipo pakangopita mphindi zochepa minofu ija imayamba kufinya mwamphamvu. Zimenezi zimachitikira aliyense, n'chifukwa chake khanda limachita chimbudzi likangoyamwa. Zomwe zimatuluka nthawi imeneyo si nsima yomwe munthu wangodyayo ayi. Ndi zadzulo kapena zadzana, poti chakudya chimatenga tsiku kapena kuposerapo kuti chidutse m'thupi. Choncho amene waphika lero asamangidwe mlandu.

Kwa wodwala matenda otchedwa irritable bowel syndrome, mwachidule IBS, kufinyaku kumapyola muyeso ndipo kumachedwa kuleka. Mitsempha ya m'matumbo ake imamvanso msanga, moti mpweya umene wina sangaumve n'komwe, iye umamupweteka. Ena amatsegula m'mimba, ena chimbudzi chimawauma, ena zonse ziwiri mosinthana. Malinga ndi ndondomeko ya Rome IV ya mu 2016, madokotala amaganizira za IBS ngati ululu wakhala ukubwera tsiku limodzi kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi 3, ukuyendera limodzi ndi kusintha kwa chimbudzi, ndipo vutolo linayamba miyezi 6 yapitayo kapena kale. Akamuyeza wodwalayo sapeza chilonda kapena chotupa. Apa ndi pamene achibale amasochera, n'kuyamba kuloza zala agogo akumudzi. Matendawa ndi enieni ngakhale saoneka pa makina, koma sasanduka khansa.

Chimene chimadzutsa minofu ija kwambiri ndi chakudya chambiri chodyedwa nthawi imodzi, makamaka chamafuta. Munthu amene wakhala ndi njala tsiku lonse pa msika wa Migowi, madzulo n'kudya tchipisi ndi mitanda inayi ya nsima, matumbo ake amalandira uthenga waukulu kamodzin'kamodzi. Kudya pang'onopang'ono, katatu kapena kanayi patsiku, kumathandiza ambiri. Palinso zakudya zomwe zimadzaza mpweya m'matumbo. Akatswiri a ku yunivesite ya Monash ku Australia anaonetsa kuti zakudya za mtundu wa nyemba, anyezi, adyo, tirigu, mkaka ndi mango zimavutitsa odwala ambiri. Kwa munthu wa ku Phalombe, komwe nandolo ndiye ndiwo komanso ndalama, uphungu woti asiye zonsezi ndi wosatheka, ndipo siwofunikanso. Chanzeru n'kulemba m'kope zomwe wadya ndi mmene m'mimba mwachitira kwa milungu ingapo, kenako n'kuchepetsa chokhacho chimene chikumuvuta. Nyemba zouma zikanyikidwa usiku wonse, madzi ake n'kutayidwa musanaphike, mpweya umachepako.

IBS imatha kuyamba munthu atachira matenda otsegula m'mimba: pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 otere amatsala ndi vutoli. Nkhawa nayonso imaliwonjezera, chifukwa ubongo ndi matumbo zimalumikizana. Mabanja amene anataya abale, nyumba ndi minda pa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 asadabwe ngati wina mwa iwo m'mimba simunakhazikikebe.

Komabe munthu asadzigamule yekha kuti ali ndi IBS. Magazi m'chimbudzi, kuonda popanda chifukwa, kutentha thupi, kuchepa magazi, kudzutsidwa usiku ndi kutsegula m'mimba, kapena vuto loyamba munthu atapitirira zaka 50, zonsezi si za IBS. Zingakhale njoka zam'mimba, likodzo la m'matumbo, TB, HIV kapena khansa, ndipo wodwala apite akayezedwe ku chipatala cha Holy Family kapena cha boma. Kutsegula kwa madzi okhaokha kobwera mwadzidzidzi kungakhale kolera, ndipo sikudikira mawa.

Ena amajomba Misa poopa kuchita manyazi. Lamulo la Mpingo limapempha kusala chakudya kwa ola limodzi lokha munthu asanalandire Ukaristia, ndipo madzi ndi mankhwala n'zololedwa. Odwala ndi okalamba lamuloli siliwamanga. Amene m'mimba mumamuvuta m'mawa angadye phala pang'ono molawirira, matumbo amalize ntchito yake ali kunyumba, ndipo akafika m'tchalitchi akhale pa benchi ya pafupi ndi khomo.