Kulozera Rauta Njira: Mafunso ndi Mayankho

Kodi static route n'chiyani?

Ndi njira imene mumalemba nokha m'rauta, yoiuza kuti uthenga wopita ku netiweki yakutiyakuti uzidzera pachipangizo chakuti. Rauta ya pakhomo imangodziwa zipangizo zolumikizidwa kwa iyo. Uthenga wopita ku adiresi yachilendo imaukankhira kwa kampani imene imakugulitsani intaneti.

Imafunika liti?

Tinene kuti muli ndi marauta awiri. Ya pabalaza ili pa 192.168.1.1. Mwakoka waya mpaka kunyumba ya kuseri, komwe rauta ina ikugawa maadiresi oyamba ndi 192.168.2. Kompyuta ya pabalaza ikafuna printa ya kuseriko, rauta yoyamba siidziwa netiweki imeneyo, choncho imatumiza uthengawo ku intaneti. Kumeneko umatayidwa, chifukwa chikalata cha RFC 1918 cha mu 1996 chinapatula maadiresi a 192.168 kuti akhale a m'nyumba ndi m'maofesi basi.

Ndilembe chiyani?

Lowani m'rauta ya pabalaza, mupeze pamene palembedwa Static Routing. Pa Destination lembani 192.168.2.0, pa Subnet Mask 255.255.255.0.

Posokoneza ndi pa Gateway. Rauta ya kuseri ili ndi maadiresi awiri: ina yoyang'ana kunetiweki yake, ina yoyang'ana pabalaza. Mulembe yoyang'ana pabalazayo, mwachitsanzo 192.168.1.2, pakuti rauta singapatsire uthenga chipangizo chimene sichili pa netiweki yake. Adiresiyo muikhazikitse kuti isasinthe. Mukaisiya m'manja mwa DHCP, imene imagawa maadiresi yokha, magetsi akazima n'kuyakanso rautayo itha kulandira ina, njira yanu n'kumaloza kopanda munthu.

Ndalemba zonse, koma printa siikuyankha. Bwanji?

Kawirikawiri vuto ndi NAT (yobisa zipangizo pansi pa adiresi imodzi) kapena firewall (yotchinga uthenga wakunja) ya rauta yachiwiri. Iyo imaona pabalaza ngati kunja, ndiye imatseka chitseko. Zimitsani NAT ndipo pa firewall mulole uthenga wochokera ku 192.168.1.0, netiweki ya pabalaza. Pa Windows, lamulo la tracert likuonetsani pamene uthenga ukuthera.

Nanga palibe njira yachidule?

Ilipo, ndipo makomo ambiri ndingawalangize imeneyi. Ikani rauta yachiwiri pa Access Point mode, zipangizo zonse zikhale pa netiweki imodzi. Static route isungireni pamene mukufunadi manetiweki awiri osiyana, monga ya pasitolo ndi ya banja.