Mtolankhani Ayambe Wakonzeka Asanakafunse

Makolo athu adati, "Safunsa adadya phula." Mau amenewa ngoona ndithu; koma inu anyamata ndi atsikana a m'masekondale ndi m'makoleji, amene mwayamba kulemba nkhani m'manyuzipepala a pasukulu, dziwani kuti kufunsa nakonso kuli ndi mwambo wake. Wofunsa osakonzeka amabwerako chimanjamanja, ngakhale atacheza ndi munthu wanzeru tsiku lathunthu.

Taonani Luka Woyera. Poyamba Mthenga Wabwino wake, iye auza Teofilo kuti adafufuza zonse mosamala kuchokera pachiyambi, natsata umboni wa anthu amene adaziona ndi maso. Adayamba wafufuza, kulemba kudadza pambuyo.

M'chaka cha 1977 Mngelezi wina, David Frost, adakafunsa mafunso Richard Nixon, amene adatula pansi upulezidenti wa America mu 1974 chifukwa cha mlandu wa Watergate. Nixon adali loya wodziwa kuzemba, ndipo masiku oyamba adangolankhula zambirimbiri osaulula kanthu. Koma Frost adali ndi anthu amene adamfufuzira kwa miyezi. Mmodzi mwa iwo, James Reston Jr., adapeza m'mapepala a kukhoti zimene Nixon adakambirana ndi mthandizi wake Charles Colson, zimene anthu ambiri sadazidziwe. Frost atamuwerengera mau akewo, Nixon adasowa pothawira, ndipo potsiriza adavomera, anthu mamiliyoni akuonera, kuti adakhumudwitsa mtundu wake. Mwai umenewu Frost sadautole panjira ai. Udatuluka m'mapepala amene munthu adawawerenga ndi khama.

Tsono tibwere kwathu kuno. Tinene kuti aphunzitsi akutumani kwa a Gulupu kukafunsa za mjigo umene wafa. Musananyamuke, dziwani kuti udakumbidwa liti ndi yani, ngati pali komiti youyang'anira, ndiponso ngati anthu amasonkha ndalama zokonzetsera. Dziwaninso dzina lenileni la mfumuyo ndi kalembedwe kake. Kwa mfumu sitifika ngati mphepo: mudzere kwa nduna, mupangane tsiku, ndipo mukafika mukhale pansi, mulonjerane, nkhani ibwere pambuyo pake.

Mafunso anu muwalembe usiku wake. Mukafunsa kuti, "Kodi madzi akuvuta?" adzakuyankhani kuti "Inde," nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukati, "Mfumu, nanga amai akutunga kuti madzi masiku ano, ndipo amalawira nthawi yanji?" pamenepo adzakusimbirani za dambo lakutali, za ana ochedwa kusukulu ndi za matenda a m'mimba. Za cholembera chapadera ndi moto wa m'foni sindichulutsa mau. Koma musajambule mau a munthu musanampemphe.

Ena amanena kuti kulemberatu mafunso kumamanga munthu. Pali choona pang'ono pamenepa. Wophunzira amene maso ake ali papepala pokha sangamve pamene mfumu yatchula mwapatalipatali kuti ndalama za komiti zidasowa, chonsecho nkhani yeniyeni ndi imeneyo. Komabe amene adawerengeratu ndiye amazindikira msanga mau otere, pakuti akudziwa kale kuti ndalama zimasonkhedwa.

Kwa ife Akhristu nkhaniyi ikhudzanso lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, loletsa kunamizira mnzathu. Mu 1963 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chotchedwa Inter Mirifica, udaphunzitsa kuti nkhani zofalitsidwa zikhale zoona, ndiponso zathunthu monga chilungamo ndi chikondi zilolera. Mukalemba kuti msungichuma wa komiti adadya ndalama musanamve mbali yake, mwaipitsa mbiri ya munthu amene ali ndi banja ndi ana, ndipo kupepesa kwa m'nyuzipepala yotsatira sikudzafika kwa onse amene adawerenga yoyamba. Nchifukwa chake musanatsazike kwa mfumu, muiwerengere maina ndi manambala onse amene mwalemba, ndipo mupemphe kuti akulozereni nyumba ya msungichumayo kuti nayenso mukamve zake.