Firiji m'Nyengo ya Cisanu

Ku Chadiza miyezi ya Juni ndi Julayi ndiyo ya cisanu. M'mamawa ana aothera moto, ndipo madzi a mu mtsuko azizira kwambiri. Pa nyengo imeneyi firiji siyenera kudya magetsi ambiri monga icita mu Okotobala.

Nchito ya firiji ndiyo kucotsa kutentha m'kati mwace ndi kukutaya kunja, kumbuyo kwace. Nyumba ikazizira, makina ace apumula nthawi yaitali. Cifukwa cace mai wanzeru atembenuza kabatani ka firiji kukafika pa nambala yaing'ono, pakuti madigiri 4 akwanira kusunga mkaka ndi ndiwo. Aika firiji kutali ndi mbaula ndi dzuwa, nasiya mpata pakati pa firijiyo ndi khoma. Nyemba zikapsa, ayembekeza kuti zizizire asanazilowetse. Aletsanso ana kutsegulatsegula citseko, cifukwa mpweya wofunda ukalowa, makina ayambanso nchito.

Magetsi ambiri a m'Zambia acokera ku mphamvu ya madzi, monga ku damu la Kariba, limene anatsiriza kumanga mu 1959. M'caka ca 2024 mvula inasowa, madzi anacepa m'damumo, ndipo a ZESCO anazimitsa magetsi maola ambiri tsiku liri lonse. Nyama inaola m'mafiriji, anthu nataya ndalama zao. Banja losamala magetsi lisunga ndalama, ndiponso lisiyirako anzao.

Mafunso
1. Kodi firiji itaya kuti kutentha?
2. Cifukwa ninji magetsi anasowa mu 2024?