Musanakwere miyala ya ku Hammond Pond, konzani pogwera

Kuseri kwa masitolo a ku Chestnut Hill, mu mzinda wa Newton pafupi ndi Boston ku America, kuli kankhalango kotchedwa Hammond Pond. Anthu amapitako akaweruka kuntchito kukachita bouldering, kukwera miyala ifupiifupi popanda chingwe. Miyala ya masewerawa kawirikawiri siipitirira mamita 5, ndipo kufupikako ndi kumene kumapusitsa oyamba kumene. Poti palibe chingwe, aliyense amene waphonya amafika pansi, ndipo akakolo ndi amene amalipira.

Katundu wake ndi wochepa: nsapato zokwerera zothina bwino, choko choumitsa thukuta m'manja, kaburashi kofewa, ndi matiresi okhuthala opindika amene amabereka kumsana. Mnzanu musamusiye kunyumba.

Mukafika, musathamangire kugwira mwala. Uzungulireni kaye mupeze potsikira, chifukwa ambiri amakumbukira zotsika ali kale pamwamba, miyendo ikunjenjemera. Kenako yang'anani pansi. M'nkhalango mumakhala mizu, zitsa ndi miyala yobisika m'masamba ouma, nthawi zina ngakhale mabotolo osweka, poti malowa ali pafupi ndi tawuni. Yalani matiresi pamene mungagwere mukalephera pa malo ovuta, osati pamene mukuyambira. Ngati mwala wapendekera kwa inu, mudzagwera kumbuyo kwambiri kuposa mmene mukuganizira. Matiresi akakhala awiri, agundanitseni bwinobwino, phazi likalowa pampata wake limabinya.

Apa ndi pamene mnzanu uja agwire ntchito. Aime kumbuyo kwanu, manja ali m'mwamba, zala zili pamodzi, maso ali pa chiuno chanu osati pa foni. Iye sakuwakhani ayi, munthu wamkulu sawakhidwa. Ntchito yake ndi kukukankhirani pa matiresi ndi kuteteza mutu ndi khosi lanu, komanso kukoka matiresiwo inu mukamasuntha. Inunso phunzirani kugwa musanapite pamwamba: kwerani pang'ono, dziponyeni dala, fikirani mapazi onse awiri mawondo atapinda, ndipo gubudukirani chagada manja ali pachifuwa. Kutsamira dzanja pogwa ndi kumene kumathyola mkono.

Mwala wa kuno ndi wachilendo. Umatchedwa Roxbury puddingstone, ndipo ndi thanthwe lomata nsangalabwi zozungulira zambirimbiri. Zina mwa izo zinasalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri, choncho pukutani nsapato musanaponde, ndipo mvula ikagwa dikirani mpaka pauma. Pondani ndi nsonga ya chala chachikulu, kulemera kwanu kukhale pa miyendo, manja akhale otambasuka. Wokwera ndi manja okha amatopa msanga.

Kuvuta kwa njira amakuyeza ndi zilembo zoyambira V0, zimene anayambitsa John Sherman ku Hueco Tanks ku Texas. Yambani pa V0, ndipo musadabwe ikakukanikani ngakhale mumakhoza V3 pa khoma lophunzirira kukwera la m'nyumba. Kunja kulibe zogwirira zopaka utoto zokulozerani njira. Kunena zoona, manambalawa sayenera kukusowetsani tulo.

Pochoka, tsukani choko pa mwala ndi kaburashi kaja. Burashi ya waya musaigwiritse ntchito, ndipo musasemepo pogwira ngakhale njirayo yakukanani motani. Tolani zinyalala zanu, phokoso lichepe, chifukwa nkhalangoyi amayendamonso anthu ndi agalu awo. Samalaninso ndi chomera cha masamba atatuatatu chotchedwa poison ivy: chimayabwa ngati chitedze, koma matuza ake amatha milungu.

Mukafika kunyumba, dzifufuzeni thupi lonse, makamaka m'khwapa, kuseri kwa mawondo ndi m'tsitsi. Nkhupakupa za m'dera limeneli zimafalitsa matenda a Lyme, ndipo kawirikawiri zimapatsira munthu zikakhala pakhungu kupitirira maola 24. Mukaipeza, izuleni tsiku lomwelo.