Chikonga Chomwe Chija, Achithira Fungo la Zipatso

Ana anga a kuno ku Mchinji, ife amene tinakulira m'minda ya fodya chikonga timachidziwa ndi thupi lathu. Amene anathyolapo fodya m'mamawa mame asanaume akudziwa zimene zimatsatira: mutu kuwawa, chizungulire, nseru, ena mpaka kusanza kuseri kwa chigafa. Osasuta n'komwe. Chikonga chimangolowera pakhungu. Mu 2009 bungwe la Plan International linanena kuti mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya m'dziko muno angathe kulowetsa m'thupi chikonga chofanana ndi cha ndudu 50 pa tsiku limodzi la chinyezi.

Chikonga chomwecho ndicho chili mu timachubu ta batire timene mukutcha vape. Katundu akalowa pa chipata cha Mwami kapena kubwera ndi msewu wa ku Lilongwe, sachedwa kufika m'thumba la mwana wa sukulu pa Kamwendo kapena pa Boma. Kachubuko sikanunkha ngati chingambwe cha agogo. Kamanunkhira mango kapena timbewu ta minti, sikakanda kukhosi, ndipo amayi kunyumba sadziwa kanthu. Apa ndiye pamene ndimaopapo. Ndudu imatha, munthu n'kutaya chotsalira. Vape mumangokoka tsiku lonse osadziwa kuti mwakoka utsi wochuluka bwanji. Bongo wa munthu umapitiriza kukula mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo ukazolowera chikonga udakali wanthete, chibaba chake chimavuta kuchichotsa. Mudzakhala m'kalasi maganizo ali pa kachubu, mtima uli phaphapha, aphunzitsi akulankhula inu osamva.

Za shisha mumandiuza kuti madzi a m'botolo amasefa utsi. Ayi, amangouziziritsa kuti muukoke mozama. Pamwamba pake pamakhala makala oyaka, ndipo mpweya wake ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka mwezi wa June. Bungwe la WHO linachenjeza mu 2005 kuti wosuta shisha kwa ola limodzi angathe kukoka utsi wochuluka ngati wa ndudu 100 kapena kuposa. Paipi imodzi kuzungulira pakamwa pa anthu asanu, m'dziko limene chifuwa chachikulu sichinathe! Rwanda ndi Kenya analetsa shisha mu 2017. Dziko lathu, ngakhale limadalira fodya pa ndalama zakunja, linalowa m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023.

Ngati simunayambe, mnzanu akakupatsirani muzingoti sindisuta, osachulutsa zifukwa. Adzakusekani kawiri katatu, kenako adzatopa.

Amene mwayamba kale, sindikukunyozani. Ndaona amuna amphamvu, otha kunyamula belo, akulephera kugona chifukwa chosowa fodya. Musasunge kachubu koti n'ka tsiku lovuta. Katayeni, koma osati pamoto, batire yake imaphulika. Sabata yoyamba ndiyo yowawa: mudzapsa mtima pachabe, tulo tidzavuta, njala idzachuluka. Chibaba chikafika chimakhala kwa mphindi zochepa n'kuzilala, choncho imwani madzi, tafunani mtedza kapena nzimbe, tulukani mukamenye mpira. Pewani kaye malo amene mumasutirako. Uzani munthu mmodzi wamkulu amene mumamukhulupirira, kaya malume, kaya aphunzitsi. Ndipo ngati mukutsokomola kopitirira masabata awiri, kapena mukubanika pokwera kamtunda ndi njinga, pitani kuchipatala akakuyezeni, ndipo mukawauze adokotala zoona zake za chimene mwakhala mukukoka.